Tagwadani, Muone Tebulo

Inu amene mwadzuka lero mukudziona ngati chinthu chotayidwa, imvani za mayi wina amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ankaitanidwa ndi dzina la nsanza.

Ankagwira ntchito ya m'nyumba pabanja lina lopeza bwino. Ana a m'nyumbamo ali aang'ono anayamba kumutchula kuti Chikolopa, poti nthawi zonse ankamupeza atagwada, nsanza yokolopera ili m'manja. Amayi awo, amene iye ankawatcha Adona, tsiku loyamba anaseka, tsiku lachiwiri nawonso anaitana momwemo. Dzinalo linakhazikika. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zitatu, ana oti akanatha kuwabereka n'kumamuuza kuti "iwe". Zimawawa zimenezo, ndipo wina asakunamizeni kuti zimazolowereka.

Sukulu inamukana. Mayeso omaliza a sekondale analemba kawiri, kawiri konse dzina lake silinatuluke. Chimene ankadziwa chinali kujambula basi. Bambo ake anali wolemba zikwangwani, ndipo ankamukhazika pambali pawo n'kumamuuza kuti, "Mwanawe, usamajambule zimene ukudziwa. Jambula zimene maso akuona."

Bambowo atamwalira, amalume ake anagulitsa maburashi ndi utoto wonse misozi isanaume n'komwe, ati kujambula ndi masewera a ana. Luso la malemuwo linatsala m'dzanja limodzi lokha padziko, ndipo dzanjalo linkafinya chikolopa. Mantha ake aakulu anali akuti lusolo lidzafera momwemo.

M'nyumba ya Adona munali kolido yaitali ya matailosi. Akagwada kumayambiriro kwake, ankaona mizere ya matailosiwo ikunka iyandikana, ngati yapangana kuti ikakumane pa chogwirira chitseko cha kumapeto. Nthawi zina ankaviika chala m'ndowa n'kujambula kolidoyo pansi pomwepo. Madzi akauma, chithunzi chapita, iye n'kupitiriza kukolopa.

Adona sankatumiza kusukulu ana awo, amene anali atsikana awiri. Ankati kusukulu ana amakatolako makhalidwe oipa, choncho ankawaphunzitsa okha patebulo lodyera. Masamu ndi zilankhulo ankazitha ndithu, tisawanamizire. Koma wachisamba atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anafuna kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo akukoleji anati atumize zithunzi zisanu ndi chimodzi zojambula pamanja, zoonetsa kuti amatha kuika zapafupi ndi zakutali papepala.

Apa m'pamene zinavuta. Adona ankawerenga m'buku, kubwereza, kukweza mawu, koma osaphula kanthu. Mtsikanayo akati ajambule tebulo, pamwamba pake pankatuluka bokosi la mbali zofanana, miyendo inayi yonse itatambasukira kumbali ngati mphemvu yophedwa. Kwa masabata atatu mapepala ankadzaza bini, ndipo wokataya anali Chikolopa.

M'mawa wina Adona atapita kukagula zinthu, Chikolopa anapeza mtsikanayo akulira patebulo. Mtima unamukaniza kungodutsa.

"Pepani, ndilankhuleko," anatero. "Tebulo limeneli mwalijambula muli pati?"

"Iwe, sukuona kuti ndakhala pampando?"

"Ayi, mwalijambula muli kudenga ngati buluzi. Munthu wokhala pampando saliona choncho. Tabwerani kukolido kuno mudzagwade."

"Ndigwade? Ine?"

"Mphindi imodzi yokha. Maondo sathyoka, angawa akadalipo."

Mtsikanayo anagwada, nkhope ili yamakwinya.

"Tsinzinani diso limodzi," anatero Chikolopa. "Mizere ya pansiyi ikulowera kuti?"

"Pa chogwirira chitseko."

"Nanga ya kudengayo?"

Mtsikanayo anakweza maso. "Pomwepo! Yonse ikupita pomwepo!"

"Tsopano imirirani muone. Pakwera, eti? Bambo anga ankapatcha pothera maso. Pamayenda ndi maso anu: mukagwada patsika, mukaimirira pakwera. Papepala yambani ndi kadontho kameneko, mizere yonse yopita kutali izikagwera pamenepo."

Zimene buku linalephera masabata atatu, kolido inazitha m'mawa umodzi. Kuyambira tsikulo, Adona akangotuluka pageti phunziro linkayamba, mng'ono wa mtsikanayo akuonerera. Anajambula kolido, tebulo, masitepe, kenako ngodya ya nyumba, imene imafuna madontho awiri, lina kumanja lina kumanzere. Patatha miyezi iwiri kalata inabwera yoti wachisamba watengedwa kukoleji.

Adona anaitana anzawo, amayi amene nawonso ankaphunzitsa ana awo pakhomo, kuti adzamwe tiyi ndi kuona zithunzizo. Wothira tiyi anali Chikolopa. Anamva ndi makutu ake Adona akunena kuti, "Zinandivuta, anzanga, koma ndinamuphunzitsa ndekha."

Chikolopa anayang'ana mtsikana uja. Mtsikanayo anayang'ana m'kapu. Pa zonse zimene zinamuchitikira m'nyumba ija, ichi n'chimene chimamuwawa mpaka lero.

Wolankhula anali mng'ono wa mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zinayi, mwana wa pakamwa popanda chitseko. "Koma amayi, si Chikolopa amene ankamugwaditsa kukolido?"



Alendo atangotuluka, Adona anaitana Chikolopa kukhitchini. "Ndinakulemba ntchito yokolopa, osati yogwaditsa ana anga pansi ngati antchito. Longedza."

Zaka zisanu ndi zinayi zinakwana m'chikwama chimodzi.

Kwa miyezi isanu ankachapa zovala za anthu mpaka manja anang'ambika ndi sopo. Oyandikana nawo sanamumvere chisoni. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," ankatero akamuona. "Wantchito n'kumafuna uphunzitsi?" Iye anafika potemberera m'mawa umene anatsegula pakamwa. Ankati akanangotaya mapepala aja mwakachetechete, bwenzi akadali ndi pogwira.

Koma pa alendo a tiyi aja panali mayi wina, telala, amene anawasunga mawu a mwana uja. Anafunsafunsa mpaka anapeza Chikolopa pampopi akutsukuluza zovala.

"Kodi ndinu amene munaphunzitsa mwana wa anzanga uja?" anafunsa telalayo. "Wanga ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Akajambula nyumba imaoneka ngati yakankhidwa ndi mphepo, ndipo ine ndalephera. Mungadzamuthandize?"

Chikolopa anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwake kuli munthu wina. Panali patapita zaka asanamve munthu wovala bwino akumuuza kuti "ndinu".

Telalayo anamupatsa kachipinda ka kuseri kwa shopu yake, kodzaza tizidutswa ta nsalu. Chikolopa anasesa, anakolopa, anaikamo tebulo limodzi, anakhoma msomali pakhoma n'kumangapo ulusi. Msomaliwo unali pothera maso, ndipo akakoka ulusi kupita uku ndi uku, mwana ankaona ndi maso ake mmene mizere imakumanirana. Anayamba ndi wophunzira mmodzi.

Musaganize kuti zinangoyenda. Makolo ena ankabwera, kuyang'ana zithunzi, kuyamikira, kenako n'kufunsa kuti, "Setifiketi yanu tingaione?" Iye akayankha kuti alibe, ankanyamuka mwaulemu osabweranso. Bambo wina anapeza mwana wake atagwada pansi pa tebulo, anamukoka dzanja uku akukalipa kuti sanabereke kapolo. Ngakhale telala uja anamuchonderera kuti za kugwadazi azisiye, anthu akuthawa.

"Ndikasiya zimenezi ndiye ndilibenso chophunzitsa," anayankha. "Ana amenewa akula. Mitu yawo yadzaza zimene akudziwa, ndipo munthu wodziwa sayang'ananso. Akagwada m'pamene amayamba kuona."

M'malo mosiya, anawonjezera lamulo. Poti makolowo ndiwo aphunzitsi pakhomo, anati kholo lizibwera tsiku loyamba n'kuchita zonse zimene mwana akuchita. Ena anathawa. Amene anatsala anauza anzawo, anzawowo anauzanso ena. Patatha zaka zitatu m'kachipinda muja munali ophunzira khumi ndi anayi, ena akudikira malo.

Tsiku lina masana, phunziro lili mkati, pakhomo panaima Adona. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo wamng'ono uja, tsopano namwali. Nayenso anali atatumiza zithunzi kukoleji ija, koma zinabwezedwa.

"Iwe..." anayamba Adona. Kenako anaona mitu khumi ndi inayi itatembenuka kuwayang'ana. "Inu, aphunzitsi. Tamva kuti mungamuthandize mwanayu."

"Ndingathe, ndipo ameneyu ndimuthandiza ndi mtima wonse," anayankha. "Koma kuno tsiku loyamba kholo limachita zimene mwana akuchita. Tagwadani, muone tebulo."

Mtsikanayo anagwada msanga. Adona anayang'ana pansi, anayang'ana siketi yawo.

"Musaope, pansipa m'poyera. Ndakolopa ndekha."

Adona anatsitsa bondo limodzi, kenako linalo, chikwama chili pachifuwa.

"Mukuona chiyani?"

"Ndikuona kunsi kwa tebulo," anayankha Adona motsitsa mawu. "Miyendo yakutsogolo ikuoneka yaitali, yakumbuyo yaifupi."

"Mwaona bwino. Ine zimenezo ndinaziyang'ana zaka zisanu ndi zinayi."

Atatero anatembenukira kwa mtsikanayo n'kumupatsa pensulo.

Musadikire kuti ndikuuzeni zoti Adona anapepesa. Sanapepese. Wachisamba uja, amene lero amajambula mapulani a nyumba zosanja, sanalembepo ngakhale kakalata ka mizere iwiri. Dziko silibweza zonse zimene lakulanda, ndipo aphunzitsiwo akamakolopa kachipinda kawo m'mawa, nthawi zina mtima umawawirabe. Koma mtsikana wamng'onoyo chaka chotsatira anatengedwa kukoleji, ndipo luso la wolemba zikwangwani uja, limene amalume anati ndi masewera a ana, lero lili m'manja ambirimbiri.

Tsono inu amene moyo wakugwaditsani, amene ana oti mukanawabereka akukuuzani kuti "iwe", musatseke maso pansipo. Yang'anitsitsani, chifukwa mukuona zimene oimirirawo sanazionepo. Osataya mtima. Tsiku lina adzazifuna, ndipo kuti azione adzayenera kugwada.