Ng'ombe ya maliro a mlongo wanga

Kwathu ng'ombe sigulitsidwa chifukwa cha munthu amene akuyenda ndi miyendo yake. Imadikira ukwati, mlandu kapena maliro, ndipo pa zitatuzi maliro ndiwo sakanidwa. Lamuloli makolo athu anabwera nalo kuchokera kum'mawa pamene anadzakhazikika pa kamunda kathu pafupi ndi Palabana. Wolisunga ndi amalume, mlongo wa amayi, mwini mbumba, mkulu wa mpingo, amene amakhala ku boma ku Chongwe ndipo sanakamepo ng'ombe chibadwire.

Mlongo wanga amene ndikunena pano anabadwa mtsikana. Ndinamubereka kumsana ine ndemwe, ndikumutcha mng'ono wanga. Koma chiyambire kuyenda, diresi ankalivula ngati lili ndi chitedze, ndipo atakula anatiuza mosapita m'mbali kuti iye ndi mwamuna. Ine ndinalira, ndinasala kudya, ndinamutengera kwa abusa. Iye anangopitiriza kukama ng'ombe zitatu za amayi ndi kupalasa njinga yodzaza zigubu kupita kogulitsira mkaka. Bambo atamwalira, anatidyetsa ndi iyeyo. Ndinatopa kulira, ndinayamba kumutcha mlongo wanga, ndipo thambo silinagwe. Amalume ankakana kumupatsa moni wa m'manja, koma mkaka wake ankamwa ndithu, wina n'kunyamula m'botolo popita kwawo.

Vuto linali chifuwa. M'mawa uliwonse ankachimanga ndi bandeji ndi zidutswa za chitenje, molimba moti pokwera chitunda ndi njinga ankapuma movutikira. M'nyengo yotentha thukuta linkadya khungu mpaka zilonda. Ankafuna zinthu ziwiri: jakisoni amene amakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu, ndi opaleshoni yochotsa mabere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anadzuka kukafunsa ku chipatala, ine n'kumuperekeza.

Tinayamba ndi za boma poti amati n'zaulere. Pa kiliniki yapafupi tinapeza nesi wa kwaya imodzi ndi amayi. Anamvetsera bwinobwino, maso ali pansi ngati akupemphera, n'kutitumiza ku chipatala chachikulu m'tauni. Sitinalipire kalikonse. Koma pofika kunyumba tinapeza nkhani yatitsogolera kale, ndipo azimayi awiri a mpingo anali pakhonde akupepesa amayi ngati pagwa zovuta.

M'tauni tinapita kangapo, tsiku lililonse minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, mkaka wa tsikulo n'kusasa m'zigubu. Dokotala woyamba anali wachinyamata waulemu. Anauza mlongo wanga kuti amasule bandeji, kenaka anasuzumira pakhomo n'kuitana ophunzira ake. Anadzaza chipinda ndi makope awo. Mlongo wanga, munthu amene amagwira ng'ombe yolusa pamphuno, anaima pamenepo manja ataphimba chifuwa, akuyang'ana khoma. Mtima unandipweteka kwambiri. Ophunzira atakhuta kuona, dokotala uja anatitumiza kwa dokotala wa maganizo. Uyo anafunsa mafunso ake, anapeza kuti mutu uli bwinobwino, anatibweza kumene tinachokera. Pomaliza dokotala wina wachikulire anatimvera chisoni n'kutiuza zoona.

“Kuno ivi sitichita, mayi. Na mankhwala ya mutu nthawi zina timauza anthu akagule panja. Yesani ku pulayiveti.”

Ku pulayiveti kunali kozizira ngati mufiriji, pansi powala, maluwa a pulasitiki pakona. Mtsikana wa pakhomo anayang'ana chitupa, anayang'ana nkhope, sanaphethire n'komwe.

“Khalani pansi, bwana. Muzamwa tiyi olo madzi?”

Mlongo wanga anandiyang'ana akumwetulira, poti chibadwire palibe anali atamutchapo bwana. Ine ndinamwetuliranso mpaka anatiuza mtengo wongoonana ndi dokotala, umene unali mkaka wa sabata yathunthu. Ulemu uja unali m'kati mwa mtengowo, pamodzi ndi tiyi. Dokotala sanaitane aliyense kudzaona. Anafotokoza modekha kuti pafunika kuyeza magazi, kenaka jakisoni mwezi ndi mwezi, ndi kuyezanso magazi nthawi ndi nthawi. Opaleshoni anati iye sachita, pafunika kupita kunja kwa dziko. Anatchula ndalama. Ine ndinazisandutsa ng'ombe m'mutu mwanga, ndipo khola lathu lonse silinakwane. Za jakisoni zokha, ng'ombe imodzi ikanatiyendetsa ndithu kwa kanthawi.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi tinaitana amalume. Anakhala pa mpando wa malemu bambo, kapu ya mkaka ili m'manja, n'kumva nkhani yonse.

“Manje iwe udwala chani?” anafunsa amalume. “Uyenda, ukudya, upalasa njinga. Ng'ombe sitigulitsa pa vinthu va so.”

“Nanga nikafa, amalume?” anatero mlongo wanga.

“Ukafa ni nkhani ina. Tizapha ija yofiira, anthu azadya bwino. Chibale ni fupa, sitingakutaye monga galu.”

Ananena zimenezi ndi mtima wonse, akuganiza kuti akumutonthoza. Amayi, amene pamaso pa mlongo wawo sankayankhula mawu oposa atatu, anangoyang'ana m'manja mwawo.

Pakati pa za boma ndi za pulayiveti pali chipatala chachitatu chimene chilibe chikwangwani. Ndi bambo wina wa pa siteshoni ya mabasi ochokera kunja, amene m'chikwama mwake mumatuluka mafuta oyeretsa khungu, mapiritsi okulitsa matako ndi timabotolo ta jakisoni. Safunsa chitupa, sayeza magazi, ndipo mtengo wake mumakambirana ngati tomato. Mlongo wanga anagula kumeneko osandiuza, n'kumadzibaya yekha pantchafu kuseri kwa khola. Pantchafupo panatupa, panachita mafinya, zilonda za pachifuwa nazo zinanyeka. Tsiku lina anagwa panjinga, mkaka wonse n'kutayikira mumsewu, thupi lili moto.

Za boma zinamulandira tsopano ndi manja awiri, poti anali atadwala matenda amene iwo amawadziwa. Anamugoneka ku wodi ya azimayi, nesi n'kumumanga chitenje m'chiuno iye asakudziwa kanthu. Ndisanamize, anamusamala ndithu, ndipo mafinya anawachotsa mwaluso. Koma masiku oyamba madokotala ankangopukusa mitu.

Amalume anafika msanga kuposa mmene anafikira pa ukwati wanga, atavala suti, ali ndi abale amene sindinawaone chimwalirireni bambo. Analowa, anapemphera mokweza kuti wodi yonse imve, n'kutuluka kukakhala pansi pa mtengo panja. Ine ndi amayi tinkatsuka mbale pa mpopi chapafupi, ndipo tinamva zonse. Anali akugawana ntchito. Uyu bokosi, uyu galimoto, uyu nkhuni ndi ufa. Matumba amene anali ouma chaka chonse anayamba kutulutsa ndalama. Ng'ombe yofiira anaigamula kale, wina n'kunena kuti chiwindi chisasowe ngati pa maliro a bambo. Kenaka amalume anatsitsa mawu.

“Chovala muzagule diresi yoyera. Anthu asakatiseke ku manda.”

Amayi anatseka mpopi. Anapukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono, anabwerera ku wodi.

Mlongo wanga anakhumudwitsa komiti yonse, anachira. Ndalama za bokosi zinabwerera m'matumba mwakachetechete, ndipo palibe anaganiza zosiyako ya minibasi yomubweretsa kunyumba.

Patangopita masiku ochepa, ndinaona kagalimoto ka wogula ng'ombe wa ku Chongwe kataima pakhola. Amayi anali atamuitana okha, pa foni yanga, osauza munthu. Anatsutsana naye mtengo ngati munthu amene wakhala akugulitsa ng'ombe moyo wake wonse. Yofiira ija inakwera, ikulira, ndipo mlongo wanga, amene anailera kuyambira ili kathole, analowa m'nyumba kuti asaone.

Amalume anamva tsiku lomwelo, poti wogulayo amapemphera nawo limodzi. Anafika thukuta lili kamukamu, osakhala pansi n'komwe.

“Mlongo, wachita chani? Ija ng'ombe tinaisungira zovuta.”

“Zovuta zake ni izi, achimwene,” anatero amayi. “Munaipereka kale imwe, ninamva na matu yanga pa mpopi paja. Ni ng'ombe ya maliro yake. Azaidya yeka akali moyo.”

“Nanga akafa anthu azadya chani?”

“Kabichi. Na diresi ija mukagula, muzavale imwe.”

Amalume anatembenuka. Anachoka osanyamula botolo la mkaka.

Ng'ombe ija inathera ku pulayiveti, pang'onopang'ono, m'magazi oyeza ndi m'majakisoni, ndi tiyi amene ndinkaonetsetsa kuti ndamwa makapu awiri ulendo uliwonse. Mawu a mlongo wanga anakula, tindevu tinamera pachibwano, ndipo makondakitala anasiya kumuyang'ana kawiri. Tinagulanso chovala chomangira chifuwa chosadya khungu. Opaleshoni sitinaifike, ndipo sindikudziwa ngati tidzaifika. Ndalama za yofiira zikutha, m'khola mwatsala ziwiri, ndipo amayi ayamba kuyang'ana yakuda ija nthawi yaitali akamaipatsa madzi. Amati imeneyo ndi ya maliro awo, ndipo nawo kabichi amamukonda.