Agogo Dou Anadziveka Okha

Agogo Dou Fengzhi, dzina la ubatizo Agata, atisiya Lachiwiri. Anabadwira konkuno m'chigawo cha Henan, mwana wa mlimi wa tirigu. Sukulu sanaiponde, koma Korona ankapemphera asanaguluke n'komwe mano.

Zaka za m'ma 90 zija, mudzi wonse ukugulitsa magazi, iwo ndi amuna awo anagulitsa nawo kuti afolere nyumba. Kachilombo kanalowera pamenepo. Amuna awo anatsogola, kenako maliro anangoti khomo ili, khomo ilo.

Paja kwathu kuno munthu timamuveka zovala za kumanda mpweya usanathe, kuti asanyamuke wausiwa. Koma odwala matendawa, ngakhale ana awo enieni ankaopa kuwakhudza. Amene ankapita ndi Agata. Kusoka, kusambitsa, kuveka, uku akunong'ona Tikuoneni Mariya. Munthu akawadabwa ankangoti, "Ine ndiopenso chani? Ndinatenga kale."

Ma ARV atabwera anakhala moyo, mpaka kukalamba. Pochititsa manyazi ndi apa. Miyendo inayamba kukana, maso kuchita mdima, basi ya kutauni yokatengera mankhwala sankathanso kuikwera. Anapita ku mitingi ya parishi kukapempha kuti njinga ya parishiyo ya matayala atatu iziwatenga kupita kuchipatala, iwo ndi okalamba anzawo a kachilombo.

Bambo Qiao, wapampando, anaseka. "Azakhali, inu ndi chitsulo, mudzatikwirira tonse ife! Chaka chino njinga ili bize ndi kwaya. Tione chaka chamawa, eti?"

"Chabwino mwanawe," anatero Agata akutola ndodo. "Mayi ako ndinawaveka zabuluu, ankazikonda. Iwe unali panja, sunawaone. Anatchena."

Qiao anangoweramira pa foni. Mitingi inapitirira.

Agata sanabwerezenso. Nyengo yozizira yonse ankafika ku mapemphero akukwawa, n'kukhala benchi yakumbuyo. Mankhwala anali atatha kalekale. Palibe anafunsa, shuwa, ngakhale mmodzi.

Lachiwiri m'mawa benchi ija inali yopanda munthu. Mayi Shen, neba wawo, anakakankha chitseko. Anawapeza ali chigonere chagada, nkhope ili phee, Korona m'manja, atavala kale zovala za kumanda zosoka okha. Anasamba okha, kupesa okha, kudziveka okha. Ankadziwa kuti sikubwera munthu.

Tizingwe tomangira buluku mu akakolo tokha ndi timene tinali tosamanga. Msana unakana kuwerama.

Qiao atafika anaima pakhomo ngati kale lija. Mayi Shen anamuyang'ana. "Achimwene, lero muimanso panja?"

Analowa, anagwada, anamanga tizingwe tija ndi manja ake.

Ambuye awalandire Agata, ndipo atikhululukire. Anzawo aja akadalipo, m'tinyumba ta kuseri kwa tchalitchi. Njinga ikunyamuka Lachinayi kupita nawo kuchipatala. Woyendetsa sanapezeke.