Mayi Evelesi ndi mkaka woyengula

Taganizani m'mawa wamba kwa Mlolo, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Ng'ombe zikulira m'khola. Mayi wina wamfupi wakhala pakhonde kudikira kuti mkaka umene wawiritsa uzizire, kenaka akutenga supuni n'kuyengula mafuta onse a pamwamba. Amenewo ndi mayi Evelesi. Ndinawadziwa chifukwa mdzukulu wawo Tamanda, mtsikana wofatsa wokonda masamu, anali m'kalasi mwanga.

Amuna awo, a Lorenso, anakulira m'ng'ombe. Tsiku lililonse ankamwa chambiko cha mafuta ake omwe, ndipo ndiwo ankafuna zomveka mchere. Atapitirira zaka 65 miyendo inayamba kutupa, kuyenda pang'ono befu. Kuchipatala anati mtima wafooka, magazi akuthamanga kwambiri. Anawalangiza kuti mkaka azimwa ndithu, koma wochepa ndi woyengula, mchere achepetse, mankhwala asamadumphitse.

Komatu kwathu kuno wodwala timamupatsa zonona, ndipo womumana timamuona ngati wouma mtima. Tsiku lina kunabwera a Juliana, mchemwali wa a Lorenso, n'kupeza supuni ili m'manja.

"Alamu, mafutawo mukupita nawo kuti?"

"Adokotala analetsa."

"Adokotalawo ndiwo anaweta ng'ombezi? Munthu akudwala, inu mukumupatsa madzi oyera!"

Nawonso a Lorenso anaponyamo mawu ali pamphasa. "Muwauze, achemwali. Thole la m'kholamo likudya bwino kuposa mwini wake."

Mbiri inawanda kuti mayi Evelesi akumana mwamuna chakudya kuti afe msanga, iwo atsale ndi ng'ombe. Akafika pamjigo, amayi anzawo ankangoti zii. A Juliana anayamba kubweretsa mobisa chambiko chonona ndi nsomba zamchere, odwala n'kumadya mkazi wawo ali kudimba. Pasanathe mwezi a Lorenso anatupa mpaka m'mimba, osathanso kupuma akagona chagada, ndipo anawatengera kuchipatala pa ngolo. Achibale anati ndi njala.

A Lorenso atatuluka m'chipatala, mayi Evelesi analeka kupita kudimba lakutali kuti chakudya chonse chizidzera m'manja mwawo. Chaka chimenecho anakolola zochepa. Amuna awo ankawanyoza pa chakudya chilichonse, mbale n'kumaikankha, koma njala ikawawa ankadya.

A Lorenso anamwalira nthawi ya dzinja, atakhala pampando. Maliro atatha, abale a mwamuna anatsegula khola n'kutenga ng'ombe zonse, amvekere mkazi womana sangadyerere chuma cha m'bale wawo. Lero mayiwa amakhala ndi Tamanda m'kanyumba ka udzu, ndipo mkaka saulawanso.

Kuchokera pa ulendo wa pa ngolo uja, a Lorenso anakhala ndi moyo zaka zinayi osagonekedwanso m'chipatala. Pa zaka zonsezo mayi Evelesi sanaphonye ngakhale kamodzi tsiku lokatenga mankhwala.