Sankatulukira Khomo Lakuseri

Alamu anga, amene aliyense ankawatchula kuti a Telala, sankatulukira khomo lakuseri. Anayimbira mpira wa basiketibolo zaka makumi awiri ndi ziwiri m'holo imene ine ndimakolopa. Masewero akatha, kaya anthu akondwa kaya alusa, iwo ankavula wezulo m'khosi, kuiika m'thumba la malaya, n'kutulukira khomo lalikulu limodzi ndi ochemerera. Oyimbira anzawo ndinkawatsegulira kakhomo koyang'ana kumene timataya zinyalala. Iwo ayi.

"Wotulukira kuseri ndi wakuba, apo ayi chibwenzi," ankatero. "Nanga ine ndine uti pamenepa, alamu?"

Anakwatira mlongo wanga. Mkati mwa sabata ankasoka zovala m'kachipinda ka m'mbali mwa msewu, momwe munali makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu ndi galasi long'aluka pakona. Ochemerera ankaidziwa ntchito yawoyo. Akayimba zosawakomera, holo yonse inkakuwa kuti, "Kasokeni mabatani, a Telala!" Lolemba anthu omwewo ankabwera ndi mathalauza oti awafupikitse, ndipo alamu ankawayeza miyendo osatchulako za Loweruka.

Chaka china ndinayamba kuona kanthu. Ulusi ankapatsira mkazi wawo kuti awalowetsere m'singano. Ukawadzera kumanzere, ankatembenuza mutu wonse kuti akuone.

"Achimwene, auzeni anzanuwa apite kuchipatala," anatero mlongo wanga. "Ine sandimvera."

Ndinawafunsa tsiku lina akumanga nsapato. "Diso lili bwanji?"

"Likuona bwinobwino mlamu waulesi amene wasiya mopu pansi."

Ndinaseka. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndimalize ligi inoyi basi." Ine sindinabwereze.

Ligi itafika m'ndime yachipulula, Ofiira, eni holo, anakumana ndi Obiriwira. Anali atapambana kamodzi kamodzi, ndipo wogonja Loweruka limenelo masana ndiye anali woti atuluke. Ine malo anga ndi kampando kapakona ya bwalo, mopu m'manja, kudikira wina agwe kuti ndikapukute thukuta.

Phokoso linayamba msanga. Alamu anapatsa kaputeni wa Obiriwira faulo imene ngakhale Ofiira anaidabwa. Patapita nthawi mpira unatuluka utakhudza dzanja la Wofiira, iwo n'kuupereka kwa Ofiira omwewo. Zonse ziwiri zinachitikira kumanzere kwawo. Kochi wa Obiriwira anavula jekete n'kuliponya pabenchi.

Kutatsala masekondi anayi, Ofiira anali kumbuyo ndi mapointi awiri. Wosewera wina anali atangogwa pakona yanga, ine n'kukolopa, pansi pakadali chinyezi. Mpira unaponyedwa kwa wamtali wa Ofiira amene amamuti Mlongoti, yemwe anaima pakona pomwepo. Pamenepo pamadutsa mzere. Ukaponyera kunja kwake ndi mapointi atatu, koma ukangouponda, ngakhale ndi kansonga ka nsapato, ndi awiri. Mlongoti anadumpha, belu linalira mpira uli m'mwamba, ndipo unalowa.

Alamu anakweza manja onse awiri. Atatu. Ofiira apambana ndi pointi imodzi.

"Waponda mzere!" anakuwa kochi wa Obiriwira. "Awiri amenewo! Tafanana, tiwonjezere nthawi! Ngakhale wakhungu waona!"

Oyimbira onse atatu anapita patebulo kukaona kanema, koma kamera inali mbali inayo ndipo phazilo linabisika ndi mwendo wa wina. Lamulo limati kanema akapanda kuonetsa bwino, zimene wayimba woyimbira zimakhala momwemo. Alamu anasayina pepala la masewero.

Ine ndinali nditaona. Pachinyezi paja panatsala chidindo cha nsapato, nsonga yake itadya mzere. Mapazi a ovina chipambano anachifufuta ndikuyang'ana.

M'chipinda chosinthira zovala, anzawo awiri atatulukira kuseri, alamu anandiitana. Anali atakhala pabenchi, wezulo ikadali m'khosi.

"Alamu, inu munali pomwepo. Phazi linali pati?"

Ndinafinya mopu m'ndowa nthawi yaitali.

"Pamzere."

"Kwambiri?"

Ndinawaonetsa chikhadabo cha chala changa chachikulu.

Anayang'ana chikhadabocho. Kenako anati, "Ine ndinaona mpata. Ndikulumbira, ndinaona mpata."

"Kuseri n'kotsegula," ndinatero. "Lero lokha."

Anavula wezulo, kuiika m'thumba la malaya, n'kulunjika khomo lalikulu. Obiriwira anali atabwera ndi mabasi awiri. Botolo linawamenya paphewa. Wina anawakoka malaya mpaka thumba linang'ambika, wezulo n'kugwa pamasitepe. Anawerama, kuitola, n'kupitiriza. Sanathamange.

Pofika Lolemba, kanema wa pafoni ya munthu wina anali ponseponse, phazi likuoneka poyera. Pakhomo la shopu ya alamu ena anajambula mzere ndi penti, n'kulemba kuti, "Ukaponda apa ndi atatu." Mlongo wanga anaukwecha ndi burashi m'mawa wonse koma sunachoke. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anabwera akulira, akuti ngakhale odwala akumufunsa ngati bambo ake anagulidwa.

Akuluakulu a ligi anawaitana Lachisanu. Dzulo lake kushopu kunabwera woyimbira mnzawo wakale, ine ndili pomwepo, nditakhala pampando wa makasitomala.

"Iwe Telala, usadzipachike wekha," anatero. "Ukangonena kuti wosewera anakutchinga. Zimachitika kwa tonse. Akuimitsa masewero awiri, chaka chamawa wabwerera. Koma ukakatchula diso, wezulo ija waitsanzika."

"Palibe ananditchinga."

"Akudziwa ndani?"

Alamu anatembenuza mutu wonse n'kuyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

"Kaputeni wa Obiriwira uja bondo linamuthera," anatero alamu. "Chinali chaka chake chomaliza. Ndinamuyimbira masewero ake oyamba ali ndi miyendo ngati mapesi. Ndikamuuze kuti ananditchinga ndani?"

Lachisanu anakanena zonse: kuti diso lamanzere linayamba kuchita nkhungu ligi ili pakati, kuti anadziwa, ndiponso kuti anabisa. Anawachotsa pa mndandanda wa oyimbira tsiku lomwelo. Zotsatira za masewero sizinasinthe, poti pepala linali losayina kale. Obiriwira sanawakhululukire, ndipo Ofiira nawo anawada, akuti awadetsera chipambano. Manyuzi amene sanawatchulepo zaka makumi awiri ndi ziwiri anawalemba sabata yathunthu.

Mlongo wanga anakhala mwezi osandilonjera. Tsiku limene anatsegula pakamwa anati, "Mukanati simunaone, achimwene, mukanafa? Nanga diso lija, pamene ndinakutumani, munalankhula kangati?"

Kamodzi. 

Alamu anabwera kuholo komaliza Lachitatu lina m'mawa, kudzatenga nsapato ndi thaulo zimene anasiya m'kabati. Mkati mwa sabata khomo lalikulu timalimanga ndi tcheni, aliyense amadzera kuseri, ndipo iwo analowera komweko. Anaima kanthawi pakona paja, akuyang'ana mzere. Anauponda ndi nsonga ya nsapato, n'kubweza phazi.

"Kakang'ono chabe," anatero.

"Kakang'ono."

Ananyamula chikwama. Ndinatsogola kulowera kuseri, koma sindinamve mapazi kumbuyo kwanga. Nditacheuka, anali ataima pakhomo lalikulu, akuyang'ana tcheni.

"N'kokhoma uko, alamu."

"Ndidikira."

Kiyi anali kuofesi, m'mwamba. Ndinakwera, ndinatsika. Loko anavuta, mpaka ndinachita kumuthira mafuta. Iwo anangoima, chikwama m'manja. Zitseko zitatseguka, panja panalibe munthu, koma mapepala ouluka ndi mphepo pamasitepe. Anagwira thumba la malaya, limene anali atalisoka ndi ulusi wosiyana mtundu, anatembenuza mutu wonse kuyang'ana msewu kumanzere, n'kutsika pang'onopang'ono.