Pasipoti Yanga M'kagalimoto ka Matayala Atatu

Abwana amene ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Dubai anali ndi magalimoto atatu, koma imene ndinkaloledwa kuigwira inali imodzi yokha, kagalimoto ka matayala atatu. Awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo. Tsiku loyamba kukaona ndinawerama n'kusuzumira kunsi, kufunafuna tayala lachinayi, poyesa kuti wina waba ndipo mlandu ugwera ine wobwera kumene. Kanalibe denga, kanalibe zitseko. Munthu ankachita kudumphiramo ngati akulowa m'bafa. Kanali katsopano ndithu, chikopa cha mipando chikununkhirabe, koma anakapanga dala kuti kazioneka ngati ka nthawi ya atsamunda. Akakafunditsa nsalu yake yotuwa, kankangoti ndwii m'galaja muja, katalikatali, kosongoka kumbuyo, ngati bokosi la maliro lodikira onyamula.

M'mawa uliwonse ndinkakavundukula, kukapukuta ndi kansalu kofewa, osathira madzi, n'kukafunditsanso. Abwana ankakayendetsa Lachisanu lokha, dzuwa lisanakwiye, atavala chipewa chachikopa.

Ndinapita kumeneko ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya kwa akulu anga ku Kasungu atangosiya kuyamwa. Pasipoti yanga abwana anaitenga tsiku lomwe ndinafika, amvekere kuti ingatayike. Sindinaonepo chachilendo, anzanga onse a ntchito za m'nyumba zinali choncho.

Chaka chimene chuma cha ku Dubai chinagwa, ine za pa wailesi sindinkazitsata. Ndinkangoona ndi maso. Zinyumba zitalizitali zimene ankamanga kutsidya kwa msewu zinaimira pakati, makina onyamulira zitsulo ali chilili m'mwamba osatembenukanso. Mumsewu mwathu nyumba zinayamba kutsekedwa imodziimodzi. Lero mwapatsana moni ndi wantchito wa nyumba yoyandikana, mawa makatani atseka, udzu wayamba kuuma. Panalibe wotsanzika.

Lachisanu lina abwana anandiuza kuti viza yanga yatsala pang'ono kutha, ndipo akupereka pasipoti kwa mnzawo wodziwa za mapepala. Ndinawaona ndi maso angawa atanyamula envulopu ya khaki. Anapinda msana wa mpando wa kagalimoto kaja, kumbuyo kwake kunali kabokosi ka loko, anaikamo envulopu ija n'kukhoma ndi kakiyi kakang'ono. Pobwerera analowa m'nyumba chimanjamanja. Patapita masiku anayi, madamu, akazi a abwana, anandiitana.

"Tikupita kutchuthi, milungu iwiri yokha. Uzithirira maluwa."

Malaya a abwana a paulendo ndinasita ndine.

Milungu iwiri inatha. Wachitatu. Wachisanu. Mafoni awo onse ankangoyankha mayi wa m'makina uja. Ine ndinkangogwirabe ntchito, nanga ndikanatani? Ndinkayala mabedi osagonapo munthu, kukolopa pansi popanda wopondapo. Kenako magetsi anadula. Nyumba ija inangoti zii, moti masana ndinkamva mchenga ukukhula mawindo. M'chipinda cha mwana wawo munali chidole cholankhula, ndipo mabatire atayamba kutha chinkangoyamba chokha kuitana, mawu okokakoka ngati a nkhalamba, ine ndili kukhitchini. Ndinachikulunga m'thaulo n'kuchitsekera m'kabati. Chinkamvekabe.

Pasipoti ndinaifunafuna nyumba yonse, m'madilowa, m'matumba a majekete, pansi pa matiresi. Mtima unkangondiuza kuti ili m'kabokosi muja. Kangapo ndinaima pamenepo mpeni uli m'manja. Koma ndinkaganiza, nanga ndikathyola, abwana n'kutulukira mawa? Wantchito wothyola galimoto ya abwana ake, m'dziko la eni, wopanda pepala lililonse. Ndinkabweza mpeni uja n'kutenga kansalu kanga kopukutira.

M'mawa wina kunafika amuna odzalanda katundu wa abwana, ali ndi mapepala ndi chilole chonyamulira magalimoto. Ndi iwo amene anandiuza kuti galimoto yaikulu ya abwana yapezeka pabwalo la ndege itakutidwa ndi fumbi, makiyi onse a panyumba ali pampando. Ndinawapempha kuti angotsegula kabokosi kaja. Wamkulu wawo anapukusa mutu.

"Khalas," anatero, kutanthauza kuti zatha. "Chilichonse pano chalembedwa kale. Palibe chotsegula."

Anakakweza kagalimoto kaja kali chifundire. Ine anandipatsa mpaka madzulo kuti ndituluke.

Ndinakafikira ku International City, dera lina la Dubai lomwelo, m'chipinda cha amayi anayi a kutchalitchi kwathu, atatu a ku Malawi ndi nesi wina wa ku Chipata. Ndinkagona pansi pakati pa mabedi. Popanda pasipoti sindikanalembedwa ntchito ina, sindikanakweranso ndege. Ankandiuza kuti mapepala atsopano angatenge miyezi yambirimbiri, ndiponso popanda abwana ondichitira umboni ndizioneka ngati wothawa ntchito. Ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa m'sitolo. Kwinaku akulu anga akuimba foni kuti ali ndi pakati potopa, sangathe kusamalira ana onse, ndipo mwana wanga wayamba kuwaitana iwo kuti amayi.

Nesi uja ndi amene anafufuza. Anati magalimoto osiyidwa amawasonkhanitsa kumpanda wina ku Ras Al Khor asanawagulitse pa okushoni, ndipo mmodzi mwa alonda a pageti ndi bambo wa ku Machinga.

Ndinakwera mabasi awiri n'kuyenda pansi mtunda ndithu. Zimene ndinaona kumeneko sindidzaiwala. Magalimoto osawerengeka, mizeremizere mpaka kumene maso alekezera, onse mtundu umodzi, mtundu wa mchenga. Matayala ataphwa. Pena pamene wina anapukuta galasi ndi dzanja unkaona zam'kati: kampando ka mwana, nsapato imodzi, malaya a ku ofesi ali pahang'ala. Zinkangokhala ngati eni ake angotuluka pang'ono kukagula madzi. Kunalibe mbalame, kunalibe mphaka. Kanga kaja kanali kumapeto pafupi ndi waya wa mpanda, nsalu atakavula, mchenga utadzaza m'mipando.

Mlonda uja anali wamkulu kwa ine ndithu, wa imvi za apo ndi apo. Nditafotokoza anaseka kaye.

"Kabaza wa azungu uja? Chemwali, anthu akulirira magalimoto enieni muno, inu mukulirira wilibala?"

"Achimwene, wilibala imeneyo yameza pasipoti yanga. Makiyi ali kuti?"

"Ali mu ofesi, m'sefa. Ine sefayo ndimangoionera pawindo." Ananditsitsira mawu. "Lamulo la pano n'lakuti zam'kati zonse ndi za wogula. Ngakhale mutapezeka nkhuku yamoyo, ndi ya wogula."

"Ndiye kuti inenso ndine wa wogula?"

"Mwayankha nokha, chemwali. Ine sindinanene."

Tsiku la okushoni sankalidziwa. Anati amangodzuka n'kuuzidwa kuti lero mzere wakutiwakuti. Choncho ndinayamba kupita tsiku lililonse. Ndinkakhala pamwala kunja kwa waya, moyang'anizana ndi kagalimoto kaja, nditadzifunditsa chitenje chakuda kumutu chifukwa cha dzuwa. Kudikira sikundivuta ine. Ndinkangokayang'ana, kuopa kuti ndikacheuka akachotsa.

Mlungu wachitatu ndinaona kuti amuna otsuka magalimoto, a ku Pakistan ndi ku India, akulambalala ngodya imeneyo. Mmodzi akandiona ankagwira pachifuwa n'kufulumiza miyendo. Mlonda uja anabwera ndi botolo la madzi, ulendo uno osaseka.

"Chemwali, mwatiopsezera anthu. Akuti mwini kagalimoto aka anafera momwemo, inu ndinu mkazi wake wamasiye. Ena akuti si munthu n'komwe. Akuti palibe amene anakuonani mukubwera, palibe amene anakuonani mukudya."

"Ndidye chiyani, achimwene? Mchenga?"

"Imwani madziwa poyera, akuoneni kuti mumameza."

Ndinamwa nditaimirira. Koma iye sanachoke msanga. Analoza kagalimoto kaja ndi mlomo. Pampando wa dalaivala mchenga unali utabonyoka, dzenje lofanana ndi pamene pakhala munthu, ndipo pachiwongolero panali poyera mbali ziwiri, pogwira manja. Pansi mozungulira panalibe phazi lililonse.

"Mphepo imeneyo," ndinatero.

"Eya, mphepo," anavomera. Tonse sitinayang'anane.

Okushoni ndinkaidziwa ya fodya. Ndili mtsikana ndinaperekezako bambo anga ku Kanengo, ndinamva munthu akuimba mitengo mothamanga ngati wagwidwa ndi mizimu. Ya ku Ras Al Khor inali chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa mabelo ankalowetsa magalimoto m'chishedi chachikulu cha mafani. Mlonda uja anandilowetsa n'kundiimika kumbuyo pafupi ndi khomo. Magalimoto ena onse anabwera otsukidwa. Kanga kokha kanabwera ndi fumbi lake, chifukwa otsuka anakana kukagwira. Injini sinalire. Anachita kukakankha amuna anayi, awiri uku awiri uku, pang'onopang'ono, mitu ili pansi. Anthu ena m'chishedi muja ankacheukira kumene ndinaima.

Woimba mitengo anayamba. Manja anakwera ochepa. Ine manambala sindinkawamva, ndinkangoyang'ana msana wa mpando uja, n'kumaganiza kuti nkhope yanga ili kuseri kwakeko, dzina langa, mudzi wa kwathu, ndipo akuitanira anthu kuti agule. Kenako mkulu wina wokalamba wa mkanjo woyera, wa ndodo m'manja, anakweza chala chimodzi. Nyundo inagunda.

Atakakankhira panja, mkulu uja anapita kukakazungulira. Ine ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu akanachita pofuna kulankhula ndi munthu wamkulu. Ndinafika pafupi n'kugwada, manja pamodzi. Simenti inandiwotcha maondo ngati chiwaya.

Mkulu uja anabwerera m'mbuyo mpaka ndodo inagwa. Nkhope inachita kutuwa, akunong'ona mapemphero. Dalaivala wake anayamba kukuwa. Ine osadziwa kuti ndalakwa chiyani, ndinangoweramitsa mutu kwambiri, zimene zinangoonjezera. Mlonda uja anabwera akuthamanga.

"Dzukani, chemwali, dzukani! Kuno sagwadira munthu. Akuyesa mukumutemberera!"

Anayamba kuwafotokozera m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu kuti kwathu ndi ulemu chabe, kuti ndine wantchito wa m'nyumba, ndili ndi mwana kumudzi. Mkulu uja nkhani ya wamasiye anali ataimva kale, ndipo n'kutheka kuti anagula dala poona kuti anzake akuopa. Kenako anandifunsa yekha.

"Mwini wake anafa?"

"Sanafe, bambo. Anathawa."

"Ukudziwa bwanji?"

Kunena zoona sindinkadziwa. Mpaka lero sindidziwa kumene anthu aja anathera. Ndinangoti, "Pochoka anali wamoyo. Ndinamutsekulira geti ndine."

Anatulutsa mpweya, n'kutuma dalaivala ku ofesi. Makiyi atabwera anandiponyera, osafuna kuti manja athu akhudzane.

"Yalla, fulumira. Tsegula wekha."

Ndinapinda msana wa mpando, mchenga n'kukhuthukira kumapazi kwanga. Kakiyi kanakana kawiri, kachitatu kanatembenuka. Envulopu ya khaki ija inalimo, yotentha ngati yachokera mu uvuni. Nditaing'amba munatuluka mapasipoti awiri.

Yanga ndinaiika m'kamisolo nthawi yomweyo, ndisanaitsegule n'komwe. Inayo inali ya mtundu wina, ya dziko lina. Pachithunzi panali mtsikana wa msinkhu wanga, wa tsitsi lalifupi, maso ali tong'o ngati anamudzidzimutsa pojambula. Mlonda uja anatsegula masamba n'kuwerenga. Viza yake inali ya ntchito ya m'nyumba, dzina la abwana lomwelo, nyumba yomweyo, zaka zingapo ine ndisanafike. Chidindo cholowera m'dziko chinalipo. Chotulukira panalibe.

M'nyumba muja palibe amene anandiuzapo kuti munakhalako wantchito wina.

"Malamulo akuti imeneyi ndi yanu, bwana," mlonda uja anauza mkuluyo, akumupatsira.

Mkulu uja anabisa manja kumbuyo. "Ndagula galimoto," anatero. "Izo sindinagule."

Mlonda uja anangoiika m'thumba mwake. Komabe mkuluyo anandichitira chifundo. M'mawa mwake anatuma dalaivala wake kundiperekeza ku maofesi kukachitira umboni kuti sindinathawe ntchito, anathawa ndi abwana. Zinatenga mwezi wina wathunthu, mizere ndi mabenchi, koma ndinakwera ndege. Ku Kasungu mwana wanga anabisala kuseri kwa akulu anga masiku awiri. Lachitatu anabwera yekha n'kundikhalira pamwendo, akuseweretsa zipi ya chikwama changa.

Patapita miyezi mlonda uja anandiimbira foni kundifunsa za kumudzi. Ndinamufunsa za pasipoti inayo. Anati tsiku lake lopuma anaipititsa ku ofesi ya dziko la mtsikanayo. Mayi wa pakauntala anayang'ana chithunzi, anangokoka dilowa ya pansi n'kuiponyamo. Anati dilowayo inali yodzaza kale ndi mapasipoti ena, moti mayiyo anachita kupanikiza ndi dzanja kuti itsekeke.