Mpunga Woumba wa pa Siteshoni ya Chipoka

Ndikukumbukira chaka chimene asilikali ankabwerako kunkhondo ya ku Bama. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkakhala ndi agogo anga aNaphiri, mayi awo a bambo anga, pafupi ndi siteshoni ya Chipoka. Amayi anamwalira ndisanayambe kuyenda. Abambo anapita kunkhondoko, koma anzawo atayamba kutsika m'sitima, iwo sanaoneke.

Tsiku lililonse la sitima agogo ankaphika chinangwa n'kundisenzetsa dengu. Malonda sankayenda, chifukwa maso awo ankakhala pazitseko za mabogi, osati pa ogula. Sitima ikachoka ankasasa fumbi pansalu yawo n'kunena kuti, "Mwina ikubwerayo, Esitere." Ine ndinkangovomera ndi mutu. Ndinali mwana wosalankhulalankhula.

Pansi pa mtengo wa mango pasiteshonipo pankakhala Che Saidi, msodzi amene anabwerako kunkhondo akutsimphina moti bwato anasiyana nalo. Iwo ankagulitsa chakudya chachilendo. Ankanyowetsa manja, kuwaza mchere m'zikhatho, kutapa mpunga wotentha, kuika kausipa kootcha pakati, n'kuuumba kuti ukhale wa ngodya zitatu. Akatero ankauwamba pamakala mpaka kunja kutachita kankhoko. Fungo lake linkafika m'mabogi.

"Che Saidi, mpunga amaumba ngati mbiya?" ankawaseka amayi ogulitsa nthochi.

"Lawani kaye, mama, mudzanyoze mutakhuta."

Ankati anaphunzira kwa akaidi a Chijapani amene ankawalondera nkhondo itatha, ndipo kwawoko anthu amaudyera m'manja ali paulendo. Nthawi zonse ankandikodola n'kundipatsa umodzi pa tsamba la nthochi, osandiuza chifukwa. Tsiku lina ndinafunsa. Anatembenuza mpunga umene unali utapsa kale.

"Anandituma ndi bambo ako," anatero.

Anandiuza kuti abambo anamwalira, koma sanafe ndi chipolopolo. Nkhondo inali itatha pamene malungo anawagwira. Chakudya cha kumsasa chinkawakana, koma mkaidi wina wokalamba anawaumbira mpunga wotere, ndipo anadya theka. Akuti anamwetulira n'kunena kuti unkanunkhira ngati mpunga wa kwathu, ndipo akadzafika adzaumbira mwana wawo. Mawa lake Che Saidi anakumba nawo manda.

Atatha kulankhula anadzigwira pakamwa. "Allah andikhululukire. Ndanena zosayenera mwana."

Ndinatembenuka n'kuona agogo ataimirira pafupi ndi njanji, atatchinga dzuwa ndi dzanja, akuyang'ana nkhope za otsika. Pomwepo ndinatsimikiza mumtima kuti sindidzawauza. Ndinkaganiza kuti sitimayo ndiyo inkawadzutsa m'mawa, ndipo ndikawalanda, adzagona osadzukanso. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, ine ndikusenzabe dengu ndi kuvomera ndi mutu. Kulira ndinkakalirira kumadzi potsuka mbale, kumene nkhope yonyowa sidabwitsa munthu.

Kenako Che Saidi anadwala chifuwa n'kumwalira. Tsiku la sitima litafika, agogo sanaphike chinangwa. Anaphika mpunga. Ndinawaona akuviika manja m'madzi, akuwaza mchere m'zikhatho, akuika kausipa pakati. Ngodya zake sizinatuluke bwino. Anandipatsira pa tsamba la nthochi.

"Munthu uja anafikira pakhomo pano tsiku lomwe anatsika sitima," anatero osandiyang'ana. "Anandiuza zonse. Ndine ndinamuletsa kukuuza. Ndinkati mwana wopanda mayi asiyidweko ndi kanthu koyembekezera."

"Ndinkadziwa, agogo."

"Kuyambira liti?"

"Mango aja asanapse, chaka chatha."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anakhala pansi. "Ndiye tinkapita kukadikira ndani, mwana iwe?"

Sitima inalira kusiteshoni, ife tili pakhonde. Tinalira limodzi kwa nthawi yoyamba, mokweza, mpaka anansi anathamangira kudzafunsa kuti maliro ndi a ndani. Agogo anawatchulira dzina la mwana wawo. Patapita masiku abale anasonkhana, ndipo tinametedwa tsitsi monga amachitira pamaliro, ngakhale manda anali kutsidya kwa nyanja zimene sitinazionepo.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene analili agogo nthawi imeneyo. Ndazindikira kuti tonse awiri tinkafuna kutetezana, koma chimene tinachita ndi kusiyana aliyense yekha ndi maliro ake m'nyumba imodzi. Adzukulu anga akandifunsa za imfa, ndimawayankha zoona. Mpunga uja ndimawaumbira nthawi zina, ndipo amaukonda. Ine ndimangodya theka.