Chinangwa Chimene Ndinazula ku Chikweo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mayi anadwala, ine n'kuchoka ku Balaka kukakhala kwa amalume ku Chikweo. Mwana wa m'tauni, khasu linkandikana, ndipo ndinali nditatopa ndi kusekedwa.

Chaka chimenecho mbozi zinawononga thonje. Titathyola lotsalalo, alangizi anabwera pa njinga n'kuuza amalume kuti azule mitengo yonse ya thonje n'kuiotcha. "Abale ake a thonje musawasiyenso," anatero. "Mbozi zimabisala mmenemo."

Mawa lake amalume anapita kumaliro. Ine ndinati lero andiona. Ndinayendera munda wonse ngati kapitawo. Therere linali litayoyoka masamba, langotsala ndi zipatso zouma, ndiye ndinalidutsa. Koma chinangwa! Msinkhu womwewo, tsinde lolimba, masamba a zalazala ngati a thonje. Ndinkadziwa kuti n'chakudya, komabe ndinati mbale ndi mbale. Ndinazula mizere isanu ndi umodzi dzuwa likuswa mtengo, manja mpaka matuza. Mizu yake inali isanakule n'komwe, yonga zala zanga.

Amalume atabwera anaima nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Ndikanakonda akanandikwapula.

"Iwe, wakutuma ndani?"

"Alangizi aja, amalume."

"Iyayi, mwanawe. Iyayi." Anakhala pansi pamzere pomwepo.

Alangizi atamva anabweranso. Anaswa chipatso cha therere, mbozi ili phee m'katimo. Anandiuza kuti therere ndi thonje zinachokera ku kholo limodzi kalekale, ndipo mbozi zimadziwa zimenezo kuposa ine. Chinangwa mbale wake ndi nkhadze imene inali kumpanda kwathu, yopanda ndi tsamba lomwe. Anathyola zonse ziwiri, utomoni woyera n'kutuluka konsekonse.

Lero ndimaphunzitsa sayansi ku Balaka, ndipo chaka ndi chaka ana amandiikira mleme m'gulu la mbalame poti uli ndi mapiko. Ndimatopa, koma sindiwakalipira. Ndikudziwa kuti diso limathamangira maonekedwe, pamene ubale umafuna kufufuza kumene chinthu chachokera.

Phunziro limenelo sindinalilipire ine. Chinangwa chija n'chimene chikanatiolotsa Januwale. Mwezi umenewo tinkadya kamodzi patsiku, ndipo amalume ankandikankhira mbale yawo n'kunena kuti adya kale kwa anzawo. Ndinkadziwa kuti akunama, koma ndinkadya.